Masabata Khumi ndi Atatu pa Sofa

1

Ndidziulule ndekha anthu ena asanandiulule. Dzina langa ndine Cuthbert Likongwe, ndimakhala ku Beaumont Leys mu mzinda wa Leicester, ndipo mu Okutobala wa 2018 ndinavala suti masabata atatu athunthu kupita ku ntchito yomwe ndinali nditasiya kale.

Ntchito yake inali yogulitsa mawindo otchinga kuzizira, khomo ndi khomo. Vani ya kampani inkatitsitsa m'dera, ife n'kumagogoda mpaka zala kuchita dzanzi. Malipiro a pamwezi kunalibe, koma komishoni basi. Ukagulitsa wadya, ukapanda kugulitsa wangolimbitsa miyendo. Kutchalitchi ndinkauza anthu kuti ndine mlangizi wa za nyumba, ndipo poti ndinkanena nditavala tayi, ankakhulupirira.

Mkazi wanga Tiyanjana ndi namwino, ndipo nthawi imeneyo ankagwira shifiti ya usiku. Akafika m'mawa, maso ali psu, ankayamba wandisitira malaya asanakagone.

"Lero mukagogoda dera liti, bambo a Mtendere?"

"Ku Wigston," ndinkayankha, uku ndikumanga tayi pagalasi.

"Nanga chikwama chanu cha zitsanzo chija chili kuti? Sindikuchiona masiku ano."

"Tikumasiya mu vani."

"Oo."

"Oo" ameneyo ndinkayenera kumuopa, koma ine ndinkaona ngati ndapulumuka.

Kubisa konseku kunali ndi chifukwa. Iyi inali ntchito yanga yachitatu kusiya. Ku weyahausi ya ku Corby, kosungira katundu, ndinachoka chifukwa kapitawo wake, kamnyamata kopanda ndi ndevu zomwe, kankandiitana kuti "Kath" ngati tinadyera limodzi phala. Kunyumba yosamalira okalamba ndinatha masiku asanu ndi anayi. Tsiku lomwe ndinayamba za mawindo, Tiyanjana anandikhazika pansi.

"Mukasiyanso iyi, ine sindilongolola," anatero. "Ndiimbira ankhoswe, inu mukakhala kwa achimwene anu ku Luton mpaka mutu utakhazikika."

Mkazi wanga saopseza. Akanena kuti mawa kuchapa makatani, ngakhale kugwe chipale, makatani amachapidwa. Choncho banja langa linali pa ulusi, ndipo lumo ndinali nditagwira ndekha.

Chomwe chinandisiyitsa ntchitoyi chinachitika ku Oadby. Ndinena, koma mundilole ndiyambe ndapuma.

2

Munthu wopanda ntchito amene wavala suti amavutika kuposa wapantchito, ndikukuuzani. M'mawa ndinkakwera basi kupita m'tauni, n'kukakhala mu layibulale kuwerenga nyuzipepala zonse mpaka tsamba la za maliro. Ndinafika podziwa azungu onse amene amwalira m'chigawo chino. Masana ndinkadya masangweji omwe mkazi wanga anandikonzera, nditakhala pabenchi, nkhunda zikundiyang'ana ngati zikudziwa.

Lachisanu loyamba, tsiku la komishoni, ndinauza mkazi wanga kuti makasitomala sanasayine. Lachisanu lachiwiri ndinati meneja wadwala. Bodza la komishoni ndi lokoma poti ntchito yake imakhaladi ndi masabata ouma, koma ndinkadziwa kuti silingandifikitse pa Khrisimasi.

Tsiku lina ndili pabenchi pomwepo, munthu anandigwira paphewa. Anali Mwila, mnzanga wa ku Zambia yemwe tinkanyamula naye makatoni ku Corby. Iye ndinamuuza theka la choonadi, kuti ntchito yatha.

"Ah, imwe abwana, muvutikila chani?" anatero. "Endani ku Jobcentre. Mapepala yanu yali bwino, si so? Kuno boma ipasa ndalama ngati ulibe nchito."

Mapepala athu analidi atakhazikika chaka chapitacho. Ndinaimirira pabenchi paja ngati munthu amene waona masomphenya. Nzeru yake inali yosavuta: boma lizindipatsa kangachepe, ine ndizikafika nako kunyumba n'kumati ndi komishoni, mpaka nditapeza ntchito ina yoyenera munthu wa msinkhu wanga. Ndinadziyamikira njira yonse. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

3

Amene anandilandira ku ofesiyo anali mayi wina dzina lake Jainab, wa magalasi olendewera pa kachingwe, wolankhula mofatsa ngati mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Ndinamupatsa Chingerezi changa cha pa Sande, chija ndimasungira maukwati.

Anamvetsera, anayang'ana pakompyuta, kenako anavula magalasi.

"Bambo Likongwe, thandizo lilipo la mitundu iwiri. Loyamba limatengera zomwe mabwana anu akhala akudula pa malipiro anu zaka zapitazi. Kampani ya mawindoyi inakulembani ngati munthu wodzilemba yekha ntchito, ndipo m'malo enawo simunkakhalitsa. Zodulidwa zanu sizikukwana."

"Wodzilemba ndekha? Ine? Amene ndinkakalipiridwa ndikachedwa vani?"

"Ndi zomwe munasayina."

Ndinasayinadi. Tsiku limenelo ndinkangoyang'ana ngati tayi wakhala bwino.

"Lachiwiri ndi la banja lonse," anapitiriza. "Muli pabanja?"

Ndinayang'ana mphete yanga. Ndikuvomereza pamaso panu kuti maganizo oibisa m'thumba anandifikira, koma mayiyu anali ataiona kale.

"Ndili pabanja."

"Ndiye simungapemphe nokha. Akazi anu nawonso atsegule mbali yawo pa intaneti, zilumikizidwe. Tiona zomwe amalandira, ndipo ngati ndi namwino wa nthawi zonse, mwina mupeza zochepa kwambiri, mwinanso osapeza kanthu."

"Palibe njira yoti iwowo asavutitsidwe? Amatopa kwambiri."

Jainab anandiyang'ana kwa kanthawi. Ndikukhulupirira kuti amuna a akazi otopa anali atawaonapo ambiri pa mpando umenewo.

"Palibe. Ndipo pali chinanso. Ntchitoyi anakuchotsani kapena munasiya nokha?"

"Tinasiyana."

"Anayamba ndani?"

"Ine."

"Munthu akasiya yekha popanda chifukwa chomveka, thandizo likhoza kuimitsidwa masabata khumi ndi atatu. Pa fomu pali bokosi loti mulembemo chifukwa chake. Munasiyiranji?"

"Mawondo," ndinatero.

"Muli ndi kalata ya dokotala?"

"Ayi. Komanso agalu. Ntchito ija ili ndi agalu ambiri."

"Anakulumani?"

"Mmodzi anandiyang'ana moipa kwambiri."

Anavalanso magalasi ake. "Pitani mukaganize, bambo Likongwe. Bokosilo likhala likukudikirani."

Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, chonsecho kunja kukuzizira koopsa. Chifukwa chenicheni ndinali nacho, chathunthu, koma ndikanalola kulumidwa ndi galu uja kusiyana n'kuchilemba pa pepala la boma.

4

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza.

Loweruka masana Tiyanjana ali mtulo m'chipinda cham'mwamba, mwana wathu Mtendere atapita kwa anzake, ndinatenga tabuleti n'kukhala pa tebulo la kukhitchini. Ndinaganiza kuti ngati boma likufuna mkazi wanga, ine ndikhala mkazi wanga kwa mphindi khumi. Nanga si Baibulo limati ndife thupi limodzi?

Ndinatsegula mbali yanga, zinayenda. Ndinayamba yake. Dzina ndinalemba. Tsiku lobadwa ndinachita kukaliona mu pasipoti yake, zomwe zikuuzeni mtundu wa mwamuna yemwe ndinali. Pofika pa nambala ya foni, chala chinangolemba yake, poti ndi nambala yokhayo yomwe ndimaidziwa pamtima. Ngakhale yanga ndimachita kuyang'ana.

Tabuleti inayankha mwaulemu kuti yatumiza uthenga wotsimikizira ku foni imeneyo.

M'mwamba munamveka kuti ting!

Mayo ine! Ndinakwera masitepe ndi masokosi okha. Ndinaima pakhomo la chipinda chathu, dzanja lili pa chogwirira. M'kati munali zii. Kenako ndinamva bedi likulira pang'ono, monga limachitira munthu akatembenuka kuti atenge kanthu pa kabati. Ndinabwerera chammbuyo mpaka kukhitchini.

Cha m'ma folo koloko anatsika, anatereka madzi a tiyi, anandifunsa ngati ndadya. Za uthenga sananene kanthu. Ine chitsiru ndinaganiza kuti wauyesa wa akuba a pa intaneti.

5

Lamulungu titachoka kutchalitchi, ndinaona kuti mpunga waphikidwa wambiri, nkhuku ziwiri, ndipo mbale zija timangoziona mu kabati zatsitsidwa.

"Kubwera alendo?"

"Mmodzi," anatero Tiyanjana. "Ndi wanu."

Ndinaganiza kuti ndi ankhoswe. Ndisanafunsenso, pachitseko panamveka kugogoda katatu, kodekha, kotalikirana bwino, ndi mawu akuti, "Odi kuno!"

Kugogoda kumeneko ndinakudziwa, chifukwa ndinakuphunzitsa ndine.

Tsopano ndinene za ku Oadby.

Ku Blantyre ndinali mkulu woyang'anira antchito pa kampani ina. Ndinali ndi ofesi yangayanga, kapeti, ndi mesenjala dzina lake Jameson, yemwe ankanditengera mafayilo ndi tiyi. Akagogoda mothamanga ndinkamubweza. "Tuluka, ukagogodenso bwino." Ankatuluka ndi thireyi m'manja, n'kugogodanso, nthawi zina mpaka katatu, tiyi akuzizira. Tsiku lina anapempha kuti azituluka msanga kuti azikaphunzira sukulu ya madzulo. Ndinamufunsa kuti mesenjala ndi sukulu zikugwirizana pati. Patapita chaka anasiya ntchito, ine osafunsa n'komwe kuti walowera kuti.

Lolemba lina la Okutobala, vani inatitsitsa ku Oadby, kumene nyumba zake zimakhala ndi magalaja awiriawiri. Ndinafika pa nyumba ina yaikulu ya mpanda wa maluwa wometedwa bwino, n'kugogoda. M'kati ndinamva munthu akubwera uku akulankhula pafoni. Ankalankhula Chichewa, ndipo mawuwo ndinawazindikira. Dzanja langa silinadikire kufunsa mutu. Linaponya chikwama cha zitsanzo mu mpanda wa maluwa uja.

Chitseko chinatseguka.

"Bwana Likongwe! Ndi inu? Mulungu ndi wamkulu!"

Anali Jameson, atanenepa, atavala masilipasi, akugwira dzanja langa ndi manja awiri uku akupinda mawondo. Anandilowetsa. Mkazi wake anabwera kudzandipatsa moni atagwada pa kapeti. Anandifotokozera kuti anaphunzira unamwino kuno, ndipo tsopano ali ndi kampani yotumiza anthu osamalira okalamba m'makomo.

"Nanga bwana mwatipeza bwanji?"

"Ndikuyang'ana nyumba yogula dera lino," ndinatero, nditapingasa miyendo. "Wina anandiuza kuti muli kuno."

Ndinamwa tiyi wake, ndinadzudzulako ngakhale kukula kwa khitchini yake. Vuto linabwera potsanzikana. Mmalawi salola mlendo kutuluka yekha.

"Ndikuperekezeni ku galimoto, bwana."

"Musavutike."

"Ayi, sizingatheke."

Tinayenda. Ndinati ndaimika patsogolo. Titafika patsogolo ndinati ndi kuseri kwa kona. Tinadutsa magalimoto okongola khumi ndi angapo, ine ndikusisita matumba ngati ndikufuna makiyi. Jameson ali pambali panga, manja kumbuyo, osabwerera. Kenako vani ya kampani inatulukira, chithunzi cha windo chili m'mbali mwake, ndipo mnzanga wa pantchito Haroon anatulutsa mutu.

"Cuthbert! Lowa, tikupita msewu wina! Chikwama chako chili kuti?"

Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo.

"Akukudziwani, bwana?" anafunsa Jameson.

"Anthu a kuno amangoitana aliyense," ndinatero.

Vani inaimba hutala kawiri n'kumapita. Ndinauza Jameson kuti ndakumbukira, dalaivala wanga wapita kukathira mafuta, abwerere asazizidwe. Anabwerera. Ine ndinayenda wapansi mpaka pa siteji ya basi, ndipo ndili m'basimo ndinalembera meneja uthenga woti ntchito ndasiya. Dera la Oadby tinali titapatsidwa mwezi wonse, ndipo sindikanatha kudutsanso msewu umenewo ndi chikwama paphewa.

Chifukwa chake n'chimenecho. Sanali mawondo, sanali agalu. Ndinasiya ntchito kuti mesenjala wanga wakale asadziwe kuti ndimagogoda m'makomo.

Ndiye pa Lamulungu limenelo ndinatsegula chitseko changa, n'kupeza Jameson ataima, chikwama chili m'manja mwake awiri.

6

"Chikwama chanu, bwana," anatero. "Ndinachipeza mawa lake ndikuthirira maluwa. M'kati munali nambala ya amayi, ndiye ndinawaimbira tsiku lomwelo."

Ndinali nditaiwala. Tiyanjana analemba nambala yake m'kati mwa chikwamacho ndi cholembera chosafufutika, chifukwa ndimataya zinthu. Ndinatembenuka kumuyang'ana. Ankapakula mpunga, nkhope ili phee.

Tinakhala pa tebulo. Nkhuku ija kwa ine inali ngati thonje.

"Koma mawindo anu ndi abwino, bwana," anatero Jameson, ndipo sankanyoza, chomwe chinapweteka kwambiri. "Ndinaona zitsanzo zija n'kuimbira kampani yanu. Ndinati ndikufuna a Likongwe. Anati munasiya, ananditumizira a Haroon. Ndasayina nyumba yonse, ndi zina ziwiri zomwe mumagona antchito anga."

Nyumba zitatu! Miyezi khumi ndi inayi ndikugogoda, sindinagulitsepo nyumba yathunthu ngakhale imodzi. Haroon anadya komishoni yanga chifukwa chongotulutsa mutu pa windo la vani.

"Mukanangonena, bwana," anatero motsitsa mawu. "Ine nditafika kuno ndinatsuka zimbudzi zaka ziwiri. Kuno palibe amene anabwera ndi kapeti yake."

Kenako anasimbira Tiyanjana, akuseka, za momwe ndinkamubwezera kuti akagogodenso. Anati mpaka lero amaphunzitsa antchito ake kugogoda katatu modekha asanalowe m'chipinda cha nkhalamba, ndipo amawauza kuti anaphunzira kwa bwana wake wa ku Blantyre. Tiyanjana sanaseke. Nkhaniyi anali asanaimvepo.

Titamuperekeza ku galimoto lake, lomwe linalipodi, tinabwerera m'nyumba. Mkazi wanga anauza Mtendere kuti akwere m'mwamba, n'kutseka chitseko cha khitchini.

"Masabata atatu ndakhala ndikusitira malaya bodza lanu," anatero. "Ndimati mwina lero alankhula, mwina mawa. Ndikanapirirabe. Koma dzulo munalemba dzina langa pa fomu ya boma ine ndili mtulo. Mukudziwa zomwe amamuchita namwino akapezeka ndi nkhani ya chinyengo? Amamulanda chiphaso. Tikanadya tayi wanuyo?"

"Mayi a Mtendere, ndinachita manyazi."

"Manyazi! Ine ku Zomba ndinali sisitala wamkulu wa wodi. Kuno ndinayamba ndi kusambitsa nkhalamba, wondilamula ali mwana woti ndikanamubereka. Munandionapo nditaponya yunifomu m'maluwa?"

Ndinaulula kuti ndinapitanso ku Jobcentre. Ndinalira, ndikuvomereza, munthu wamkulu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Foni yake inali pa tebulo ndipo ndinkadziwa kuti nambala ya ankhoswe ili momwemo. Anaitenga, anaiyang'ana, anaiikanso pansi.

"Ku ofesi kuja anakuuzani chiyani za munthu wosiya ntchito popanda chifukwa?"

"Amamuimitsira thandizo masabata khumi ndi atatu."

"Boma lili ndi nzeru," anatero. "Inenso ndatengera pomwepo. Ankhoswe sindiwaimbira lero. Masabata khumi ndi atatu mugona pa sofa, ndipo malaya muzisita nokha. Mawa mupita ku Oadby kukapempha ntchito. Mukabwerako chimanjamanja chifukwa cha manyazi, mukangopitirira ku Luton."

7

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lolemba m'mawa ndinakwera mabasi awiri, opanda tayi. Ndinaima pakhomo lija, pafupi ndi mpanda wanga wa maluwa, n'kugogoda katatu.

"Bwana, lowani!"

"Ayi, a Jameson, ubwanawo usiyeni. Ndabwera kudzapempha ntchito. Komanso za tiyi uja ndinkakubwezani naye, ndi za sukulu ija, ndinalakwa."

Anayang'ana pansi. "Zinkandiwawa," anatero. "Sindikunamizeni." Kenako anandifunsa ngati ndili ndi laisensi.

Lero ndimayendetsa kagalimoto konyamula antchito ake kupita nawo m'makomo a okalamba, mpaka ku Corby komwe ndinathawa kuja. Amandilipira pamwezi, ndipo pepala lake ndinawerenga lonse ndisanasayine.

Kwa Jainab ndinabwererako kukatseka pempho langa ndi kumuuza kuti mbali ya mkazi wanga ndinayambitsa ndine, iye osadziwa. Anandidzudzula mofatsa n'kuzifufuta. Ndisanatuluke ndinamuuza kuti bokosi lija ndikanalembamo liwu limodzi: manyazi.

"Si chifukwa chovomerezeka," anatero. "Koma ndi choyamba choona chomwe mwandiuza."

Inu owerenga, makamaka abale anga amene munasiya maofesi a kapeti kwathu, ndilibe ulaliki wautali. Ngati mukufuna kusiya ntchito, yambani mwafunsa kuti munalembedwa ngati ndani, ndipo dziwani kuti fomu ya boma ili ndi malo a mkazi wanu ngakhale inu mutamubisira. Ndipo ngati lero muli pamsana pa njovu, musamati pansi palibe mame. Amene mukumubweza pakhomo lero, simukudziwa khomo lomwe adzakutsegulireni.

Sofa yathu ndi yaifupi, ndipo msana wanga ukuikumbukirabe. Masabata aja ndinawawerenga pa kalendala ya kutchalitchi, limodzilimodzi. Tsiku lomaliza linali Lamulungu la mu Febuluwale. Masana, nthawi yomwe Tiyanjana amadzuka, ndinapanga tiyi, ndinaika pa thireyi, ndinakwera masitepe n'kuima pakhomo la chipinda chathu. Chifukwa cha chimwemwe ndinagogoda mothamanga, n'kukankha chitseko.

Anandiyang'ana, anayang'ana thireyi.

"Tulukani," anatero. "Mukagogodenso bwino."

Ndinatuluka. Ndinagogoda katatu, modekha.

"Odi, mayi a Mtendere."

Kenako ndinamva akuseka, kuseka kuja ndinali ndisanakumve chiyambire Okutobala.

"Lowani, bwana," anatero. "Tiyi asazizire."